Chidole chimene chinakukhalani pamtima ndi chiti?

Anaphiri: Moni nonse. Takhala tikufunsana za penti ndi guluu kwa nthawi ndithu, lero tiyeni ticheukeko m'mbuyo. Pa zidole zonse zimene mwakonzapo ndi kujambula, ndi chiti chimene chinakukhalani pamtima? Sindikunena chodula ayi, ndikunena chija mukachiona mumati apa pokha manja anga anagwira ntchito. Ponyani zithunzi, mufotokozenso mmene munachitira, pakuti tili ndi anzathu amene angolowa kumene.

Anaphiri: Ndiyambe ineyo. Wanga ndi Barbie amene ndinamutola pa kaunjika mu Lilongwe muno, pamulu wa zoseweretsa za ana. Tsitsi linali litapotana moti chipeso sichikanalowa, mlomo utafufutika mbali imodzi. Ndinamusambitsa ndi sopo wa mbale, ndikumeta tsitsi lonse. Kenako ndinaviika mutu m'madzi otentha kuti ufewe, chifukwa ukaukoka uli wouma khosi limang'ambika. Utachoka, ndinazula zitsa za tsitsi ndi guluu wakale kuchokera m'kati. Mutu ukayera choncho umaona timabowo tonse ta kufakitale tili m'mizere, ndiye pobzala tsitsi latsopano umangotsata timeneto.

Tsitsi latsopano ndinagwiritsa ntchito mesh wamba wa ku saluni, wakuda. Koma chimene chimandisangalatsa mpaka lero n'chakuti sindinamuluke. Ndinamumanga ndi ulusi wakuda, mmene mayi anga ankatimangira Loweruka madzulo kuti mawa lake tikaoneke bwino ku tchalitchi. Ndinagawa mutu timabwalo ting'onoting'ono, kazingeni ulusi kuyambira patsinde mpaka kunsonga, kenako n'kupinda nsongazo kuti zikumane pamwamba. Mchemwali wanga atachiona anangoti duu kaye, kenako anati, uyutu ndi iwe uli sitandade 3.

Amake Chisomo: Eee Anaphiri, chithunzichi ndiye chandikumbutsa kutali. Mutu unkachita kuwawa usiku wonse koma m'mawa tinkanyada. Funso langa ndi la mesh. Ine ndikabzala umatukumuka kwambiri, mutu n'kuoneka waukulu kuposa thupi. Inu munatani?

Anaphiri: Musadzaze bowo lililonse, amake Chisomo. M'mphepete mwa mutu ndi pamene pagawanika tsitsi ndi pofunika kudzaza, pakati muzidumpha mabowo ena. Ndipo pabowo limodzi muziika titsitsi tochepa zedi. Mukamaliza thirani guluu wa nsalu m'kati mwa mutu, aume bwino, kenako tsanulirani madzi otentha pamwamba tsitsilo ligone. Mesh wambiri ndi kanekalon, amamvera madzi otentha, n'chifukwa chake ku saluni amaviika nsonga m'madzi owira.

Nabanda ku Leeds: Moni achemwali anga nonse. Wanga ndi Blythe, ndipo ndikudziwa ena pano amati ndi chidole cha anthu a ndalama, koma ndiloleni ndifotokoze. Kwa amene simunamuonepo, ndi chidole cha mutu waukulu, maso aakulu, kumbuyo kwa mutu kuli kachingwe. Ukakoka kachingweko maso amatsinzina n'kutsegukanso atasintha mtundu ndi kumene akuyang'ana, mitundu yake inayi. Kampani ya Kenner ku America inamutulutsa mu 1972 koma sanayende malonda, anangogulitsidwa chaka chimodzi basi. Chimene chinamudzutsa ndi zithunzi. Mayi wina wa ku New York, Gina Garan, ankamutenga kulikonse n'kumamujambula, zithunzizo zinatuluka m'buku mu 2000, anthu a ku Japan anazikonda, ndipo mu 2001 kampani ya Takara inayamba kumupanganso. Ndimakonda kuwauza anthu nkhaniyi chifukwa ikuonetsa kuti kujambula si chinthu chongowonjezera pamapeto. Chidole chimenechi chikanaiwalika pakanapanda munthu wogona pansi ndi kamera.

Wangayo ndinamutsegula mutu, uli ndi zigamba ziwiri, chakutsogolo ndi chakumbuyo, zomangidwa ndi masikuluwu. Nkhope yake imabwera yonyezimira, ndiye ndinaikwecha ndi siponji ya sandpaper yosalala mpaka kunyezimira konse kutatha. Milomo ndinaisema pang'ono ndi kampeni kuti ikhale yodzadza, mphuno ndinaikulitsa m'mbali ndi epoxy, phala lomata limene limalimba likauma. Maso onse anayi ndinaika a bulauni, kungosiyanitsa kuderako. Ndinamuveka duku ndi juzi yoluka ndi singano zing'onozing'ono, n'kumuimika pawindo tsiku la mvula, akuyang'ana panja. Aliyense wa kwathu amene amakhala kuno akachiona chithunzicho safunsa tanthauzo lake.

Anambewe a Telala: Nabanda, chithunzicho ndiye chandigwira. Koma ndinene chilungamo, ine ndalama ya Blythe mmodzi ndingagule mulu wonse wa pa kaunjika. Sindikunyoza ayi, ndikungoopa kuti ana amene akulowa kumenewa angaganize kuti popanda chidole cha ku Japan palibe poyambira.

Nabanda ku Leeds: Mwanena zoona amayi. Inenso sindingauze munthu woyamba kumene kuti aseme nkhope ya chidole chodula. Ayambe ndi zotsika mtengo. Kunonso m'mashopu a zakale zidole zimapezeka pa mtengo wochepa.

Amwale a ku Joni: Zikomo amayi nonse. Ine kupenta nkhope sindikudziwa, amapenta ndi akazi anga, ine ntchito yanga ndi kamera. Chithunzi chimene ndimachinyadira ndinajambula ku Pretoria mwezi wa Okutobala, nthawi imene jakaranda wachita maluwa ndipo misewu yonse yafiirira ndi maluwa ogwa. Tinatenga Barbie wa mtundu wa Made to Move, uja ali ndi mfundo 22, amene amatha kugwada ndi kupinda mkono mpaka kugwira kumaso. Tinamuveka diresi yoyera, n'kumukhazika pamphepete mwa msewu ngati akumanga nsapato.

Chinsinsi chake ndi chimodzi: kamera itsike mpaka pamaso pa chidole. Ukajambula uli chiimire, aliyense amaona kuti ndi choseweretsa chimene chagwa pansi. Ukagona chafufumimba, diso la kamera n'kulingana ndi maso ake, amasanduka munthu. Pa foni ndimaitembenuza mutu pansi kuti kamera ikhale pafupi ndi dothi. Chachiwiri, kumbuyo kukhale kutali. Mitengo ija inali patali ndithu, ndiye inangosungunuka n'kukhala utoto wofiirira kumbuyo kwake. Chovuta chinali maluwa amene anali pafupi naye, chifukwa duwa limodzi la jakaranda ndi lalikulu kuposa nkhope yake. Ndinasesa onse a pafupi, ndikusiya a patali okha.

Tiyamike: Moni akuluakulu. Ine ndine mmodzi wa olowa kumene aja. Ndili ndi zidole ziwiri zimene mng'ono wanga anasiya. Ndimafuna ndifufute nkhope ndi mankhwala ochotsera Cutex, kenako ndijambule nsidze ndi maka yakuda. Zingatheke?

Anaphiri: Iwe Tiyamike, maka usayerekeze, ngakhale bolopeni. Inki imalowa m'kati mwa vinyl, pulasitiki yofewa ya mutu wa chidole, n'kuyamba kufalikira, pakapita nthawi nsidze zija zimasanduka banga lobiriwira losachoka. Kufufuta kuli bwino ngati mankhwalawo ali acetone, ndipo ngati mutu uli wofewa, uja umabonyoka ukaufinya. Tenga thonje, pukuta msanga, kenako tsuka ndi sopo. Koma acetone asadonthere pathupi, chifukwa thupi ndi pulasitiki youma, imasungunuka n'kuyera.

Nabanda ku Leeds: Ndiwonjezere, pankhope ya Blythe acetone ndi woletsedwa, nkhope yake ndi pulasitiki youma yomweyo. Pojambula, Tiyamike, gwiritsa ntchito mapensulo a watercolour, asongoke kwambiri, ndi choko cha soft pastel chimene umachikanda n'kukhala ufa, kenako umapaka ndi bulashi youma pamasaya. Osati oil pastel, mafuta ake amawononga vinyl. Koma zonsezi sizigwira pankhope yoterera. Umayamba wapopera sealant wosanyezimira, ambiri amagwiritsa ntchito Mr. Super Clear wa ku Japan, amene amapangitsa nkhope kukhala yokhakhala pang'ono kuti pensulo igwire. Umapopera, kujambula, kupoperanso, kujambulanso, mtundu umabwera pang'onopang'ono choncho. Popera panja, utavala chotchinga mphuno chenicheni cha mankhwala, osati kansalu chabe.

Tiyamike: Zikomo anti. Nanga sealant ameneyo kuno ndingamupeze kuti?

Amake Chisomo: Apo ndiye pali vuto mwanawe. Ndi chitini chopopera chimene chimagwira moto, ndiye mu ndege salola, ngakhale kutumiza pa positi n'kovuta. Ine ndimadalira wobwera pa basi kuchokera ku Joni. Akasowa ndimagwiritsa ntchito vanishi wa acrylic wosanyezimira wa m'botolo, ndimamusungunula ndi madzi pang'ono n'kumapaka modinda ndi kasiponji. Safanana ndi wopopera koma ntchito imayenda. Ndipo a ku Blantyre anzanga, nthawi ya chiperoni musapopere. Mpweya ukakhala ndi chinyezi sealant amauma ndi mtambo woyera pankhope, makamaka pa chidole chakuda zimaonekera kwambiri. Dikirani tsiku la dzuwa.

Amake Chisomo: Tsopano changa. Ine chimene ndimachikonda si chidole chokha koma malo onse amene ndinamumangira. Ndinapanga mayi wogulitsa tomato pamsika. Barbie ndi wamtali pafupifupi masentimita 29, ndiye chilichonse cha munthu umachigawa ndi 6. Benchi la msika la masentimita 72 limakhala 12. Ndinalipanga ndi timitengo ta ayisikilimu, ndikutidetsa ndi tiyi wakuda kuti tioneke takale. Tomato ndinaumba ndi dothi, kukula kwake sentimita imodzi, ndikupenta ena ofiira, ena achikasu pang'ono, chifukwa pamsika tomato sapsa mofanana. Ndinawaunjika atatu pansi mmodzi pamwamba. Mbaula ndinadula kachitini ka tomato wa m'chitini, ndikuboola ndi msomali, makala ake ndi makala enieni ophwanya.

Lichero ndiye linandivuta mpaka ndinapita kwa agogo ena amene amaluka madengu kwathu kuno. Nditawauza kukula kwake anaseka, koma anang'amba nsungwi mopyapyala kwambiri n'kuluka kalichero kokwana pachikhatho, mkombero wake womanga bwinobwino. Anakana ndalama, anati angofuna aone chithunzi. Nditawaonetsa pafoni anaitana akazi awo kuti adzaone. Mayi wanga wa tomatoyo ali ndi kachikwama ka ndalama m'chiuno, chitenje china wamanga pamwamba pa chinzake, ndipo ndinamupendeketsa mutu pang'ono, dzanja lili patsaya, kudikira kasitomala.

Amwale a ku Joni: Amayi, ichi ndiye chapambana zonse zimene ndaona pagulu pano. Munajambula nthawi yanji? Kuwalaku kwagwa bwino.

Amake Chisomo: Cha m'ma 6 koloko m'mawa pakhonde, achimwene. Pansi ndinathira dothi losefa, chifukwa dothi wamba miyala yake imaoneka ikuluikulu pafupi ndi phazi lake.

Amwale a ku Joni: Mwachita bwino kusefa. Udzu ndi umenenso umaulula. Kapinga amafika m'chiuno mwa chidole, ndiye ndi bwino kufuna ndere za pamwala kapena mchenga wosalala. Amene muli pafupi ndi nyanja, ku Senga Bay kapena ku Mangochi, muli ndi mwayi, mchenga ndi madzi sizionetsa msinkhu wa chinthu.

Anambewe a Telala: Ine ndilankhulepo za chitenje, poti ndi ntchito yanga. Ambiri mumadula chitenje chilichonse n'kuveka chidole, kenako mumadabwa kuti bwanji sichikuoneka ngati chitenje. Vuto ndi maluwa ake. Duwa limodzi la chitenje cha munthu limaphimba chidole chonse, ndiye chimene chimatsala ndi mtundu umodzi ndi kamzere. Muzifuna chitenje cha timaluwa ting'onoting'ono kapena timadontho, kapena mudule m'mphepete mmene mumakhala mizere yothithikana. Ine ndili ndi thumba la tizidutswa totsala pa ntchito za makasitomala, ndimasankha mmenemo.

Chimene ndimachinyadira ine ndi gulu la amayi a chinkhoswe. Zidole zisanu, zonse yunifomu imodzi, bulauzi ya manja otukumuka, siketi yofika kumapazi, ndi duku. Chitenje chatsopano n'cholimba, pathupi laling'ono chimangoima osagwa, ndiye ndinachichapa mpaka sitalichi yense atachoka n'kufewa. Mipendero sindinapinde kawiri monga timachitira pa zovala za anthu, imanenepa. Ndinapinda kamodzi, ndikusoka pamanja ndi ulusi umodzi. M'malo mwa zipi ndinaika timabatani todina kumsana. Mwana wanga wamkazi ndi amene anajambula, anaziika mozungulira, china chikuvina pakati, zina zikuwomba m'manja.

Nabanda ku Leeds: Amayi, duku la wachiwiri kuchokera kumanzereyo mwalimanga bwanji kuti liime chotero?

Anambewe a Telala: Muli kawaya kopyapyala m'kati mwa mpendero, mwanangu. Ukapinda limakhala pomwepo. Chenjezo lina, nsalu yakuda, yofiira kapena ya buluu woderako imasiya utoto pathupi la chidole ikakhalitsa. Muzichapa kaye mpaka madzi ayere, ndipo ngati n'kotheka ikani nsalu yoyera m'kati. Mukatha kujambula muzivula, osasunga chidole chitavala.

Anaphiri: Banga likachitika pa vinyl yoyera, mankhwala a ziphuphu aja ali ndi benzoyl peroxide amathandiza. Umapaka pabangapo, kukulunga ndi pulasitiki, kuika padzuwa, n'kumabwereza mpaka litazilala. Koma pa chidole chakuda samalani, amatha kuyeretsanso khungu lenilenilo.

Tiyamike: Pamenepo pa zidole zakuda ndili ndi funso. Zanga ziwirizi ndi zoyera, ndipo pa kaunjika zakuda sindiziona kawirikawiri. Kodi sindingangopenta thupi lonse bulauni?

Anaphiri: Ine sindikulimbikitsa. Penti pathupi amakandika m'mfundo, ukangopinda chigongono kuyera kumaonekera. Ena amanyika m'madzi otentha a utoto wa nsalu za polyester, monga Rit DyeMore. Mutu wofewa umamwa utoto msanga, thupi louma limamwa mochedwa kapena kukana, ndiye umapeza mutu ndi thupi zasiyana. Kuli bwino kudekha mpaka upeze chakuda chenicheni. Uwauze ogulitsa akusungire akatsegula belo, amatero ukakhala kasitomala wawo.

Nabanda ku Leeds: Kusowako kuli ndi chiyambi chake. Barbie anayamba mu 1959, koma mnzake wakuda, Christie, anabwera mu 1968, ndipo chidole chakuda chotchedwa Barbie mwiniwake chinatuluka mu 1980, chokonzedwa ndi Kitty Black Perkins. Kwa zaka zambiri zoyera ndi zimene zinkapangidwa zochuluka, ndipo kaunjika amatibweretsera zimene ana a kunja anatopa nazo kalekale. Ku Nigeria bambo wina, Taofick Okoya, anayambitsa zidole za Queens of Africa atasowa chidole chakuda chogulira mwana wa m'bale wake. Masiku ano zinthu zasinthako, kuyambira 2016 Mattel, kampani yopanga Barbie, inawonjezera matupi osiyanasiyana ndi makungu ambiri, ndiye m'mabelo ziyamba kuchuluka.

Amake Chisomo: Ndipo ukachipeza chakuda, kapentedwe kake n'kosiyana ndi zimene mumaona m'mavidiyo ambiri a pa YouTube. Pinki pamasaya amaoneka ngati phulusa. Ine ndimapaka ofiira woderako, olenji, ndi pepo pang'ono m'mbali mwa mphuno ndi pansi pa chibwano. Maso umayamba wayala penti yoyera ya acrylic, apo ayi mtundu suoneka. Nsidze ndimajambula ndi bulauni woderako kaye, chakuda ndimangodutsitsa titsitsi tochepa pamwamba.

Amwale a ku Joni: Pojambulanso chimodzimodzi. Foni ikaona diresi yoyera kapena thambo lowala imadetsa chithunzi chonse, nkhope yakuda n'kusowa. Dinani pankhope pa sikirini kuti foni iyeze kuwala pamenepo, ndipo ikani pepala loyera patsogolo chapansi kuti libweze kuwala kumaso. Dzuwa la masana lipeweni, mthunzi wa khonde kapena tsiku la mitambo ndiye bwino. Nabanda kwanuko mitambo simuisowa.

Nabanda ku Leeds: Zoona achimwene, kuwala kwa kuno n'kofewa pafupifupi chaka chonse, kungoti nthawi yozizira pofika 4 koloko kwada kale.

Tiyamike: Chinanso chimene chimandidetsa nkhawa ndi anthu. Kwathu akandiona ndikuchotsa mutu wa chidole, kubaya ndi singano, mukudziwa zimene angaganize.

Amake Chisomo: Nkhawa imeneyo si yachabe, Tiyamike, ndipo usaipeputse. Ine njira yanga ndi kugwirira ntchito poyera, pakhonde, masana. Wodutsa akafunsa ndimamuonetsa chithunzi cha mmene chinalili ndi mmene chakhalira. Chobisa ndi chimene chimabala manong'onong'o. Panopa ana a m'dera lathu amabwera ndi zidole zawo zothyoka kuti ndiwakonzere, amayi awo amabwera kudzafunsa ngati ndingasokere zovala.

Anambewe a Telala: Komanso uwakumbutse kuti si zachilendo. Ife tili ana tinkatenga chimanga chachiwisi n'kuluka ndevu zake, kuchibereka kumbuyo ndi kansanza. Tinkaumba ana a dothi kudambo, maso tikuika timikanda. Anyamata ankapanga magalimoto a mawaya. Manja ake ndi omwewo, changosintha ndi chogwiritsa ntchito.

Anaphiri: Ngakhale kunja ena anatchuka ndi zidole zotayidwa zomwezi. Sonia Singh wa ku Tasmania, mu 2015, ankagula zidole za Bratz zakale, kufufuta zopakapaka zonse zija, n'kujambula nkhope ya mwana wamba, mayi ake n'kumaluka zovala. Anazitcha Tree Change Dolls, ndipo dziko lonse linazikonda. Tiyamike, zako ziwirizo n'zokwanira kuyambira.

Amwale a ku Joni: Ndifunseko maganizo anu pa nkhani imene timasiyana ndi akazi anga. Pachithunzi cha jakaranda chija panali waya amene anagwira chidole kumsana, ndinamufufuta pa kompyuta. Pamenepo tinagwirizana. Koma ine ndinkafunanso kufufuta mfundo za m'zigongono ndi m'mawondo kuti aoneke munthu weniweni, iwo anakana.

Nabanda ku Leeds: Ine ndili mbali ya alamu. Waya fufutani, si mbali ya chidole. Koma mfundo zisiyeni. Kukoma kwa chithunzi chotere n'kwakuti woona akudziwa kuti ndi chidole, komabe akumva chisoni kapena chimwemwe chake. Mukafufuta mfundo, anthu masiku ano angoti chapangidwa ndi kompyuta, ntchito yonse ya manja ija osaiwerengera.

Anambewe a Telala: Ine ndimabisa mfundo ndi zovala, manja aatali ndi siketi yaitali. Pamenepo palibe chofufuta.

Amake Chisomo: Koma pakhosi pokha ine ndimakonzako, pamene mutu wakumana ndi thupi, makamaka ngati mitundu yasiyana pang'ono. Sindikuona cholakwika, bola osasintha nkhope imene unapenta. Ukasalaza nkhope pa foni, wogula akadzalandira chidole adzakhumudwa.

Amwale a ku Joni: Ndamva amayi. Mfundo zikhala, ndipo ndiwauza kuti gulu lawaikira kumbuyo.

Tiyamike: Zikomo nonse. Ndiyamba ndi tsitsi kaye, nkhope ndidikira mpaka ndipeze sealant. Anti Anaphiri, singano yobzalira tsitsi ija imagulidwa kapena mumapanga nokha?

Anaphiri: Umapanga wekha. Tenga singano ya pamanja ya bowo lalitali, udule bowolo mopendeketsa ndi pulayala kuti patsale timano tiwiri, lina lalitali lina lalifupi. Kusongoka kwakeko ukubaye m'kamtengo kuti ukhale ndi chogwirira. Umakola titsitsi pakati pa timanoto, kubaya m'bowo la mutu, kuzula singano, tsitsi limatsala m'kati. Mutu uzikhala wofunda pobaya, singano sithyoka msanga. Upangiretu zingapo, ndipo podula uphimbe ndi nsalu kuti kachidutswa kasakudumphire m'maso. Madzulo ano ndikaweruka ndijambula yanga pafupi ndiponye pano kuti uone mmene timanoto timakhalira.